Zaka 21 ndili m'magalasi, mphindi 20 pa bedi la opaleshoni

Ndili mwana anthu ankati ndine wamwano. Munthu wamkulu ankatha kundikodola ali tsidya lina la msewu, ine n'kudutsa osayankha. Amayi anandikalipira kangapo konse, koma zoona zake n'zakuti nkhope za anthu sindinkaziona. Munthu ndinkamuzindikira ndi kayendedwe kake kapena mtundu wa malaya amene wavala, ndipo ndinkayesa kuti aliyense amaona choncho. Aphunzitsi anga ena ndi amene anatulukira vutoli, atandiona ndikufinya maso nthawi zonse akalemba pa bolodi, kenako n'kumakopera m'kope la mnzanga. Magalasi oyamba ndinavala ndili ndi zaka 11. Ndinawavula chaka chatha ndili ndi zaka 32, nditachitidwa opaleshoni ya maso yotchedwa LASIK, imene amachita ndi kuwala kwamphamvu kwa makina kotchedwa laser, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akundifunsa kuti zinayenda bwanji. Ena amangofuna kudziwa chabe. Koma ena amafunsa motsitsa mawu, uku akukonza felemu ya magalasi awo pamphuno. Ndikulemba izi makamaka poganizira iwowo.

Pa pepala langa la magalasi pankalembedwa -5.25 ku diso lamanja ndi -4.75 ku diso lamanzere. Kwa munthu amene sanavalepo magalasi manambalawa alibe tanthauzo, ndiye ndinene chonchi: ndikavula magalasi, chinthu chinkaoneka bwino pokhapokha chili pa masentimita 20 kuchokera pankhope panga. Kupitirira apo zonse zinali chimbuuzi. Komabe magalasiwo sindinkadana nawo. Ankatsetsereka ndikachita thukuta, ankadzaza timadontho mvula ikamagwa, koma zonsezo ndinali nditazizolowera. Masiku ena ndinkavala ma contact lens, timagalasi ting'onoting'ono toika pa diso penipeni.

Chimene chinandisintha maganizo ndi usiku umodzi, mwana wanga ali ndi chaka ndi miyezi ingapo. Bambo ake anali atachokapo pa ulendo wa kuntchito. Cha m'ma 2 koloko mwana anadzuka akulira, thupi lili moto, kenako anayamba kusanza. Podzambatuka ndinakankha magalasi amene anali pa katebulo, ndipo sindinamve kumene agwera. Ndinayatsa nyali, koma kuwalako sikunandithandize kanthu. Ndinayamba kukwawa pansi, dzanja limodzi likupapasa, lina litagwira mwana. Mwina inali mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Ndinawapeza pansi pa bedi. Mwanayo anachira patapita masiku awiri, koma mantha a usiku umenewo sanandichoke.

Ulendo woyamba kwa dokotala wa maso sunatenge ndi mphindi khumi zomwe. Atangoyang'ana fomu yanga anandifunsa kuti, "Mayi, mukuyamwitsabe?" Nditavomera, anati tidikire kaye. Anafotokoza kuti pa nthawi ya mimba ndi yoyamwitsa thupi limasintha mpaka m'maso momwe, misozi imachepa ndipo nambala ya magalasi imatha kusuntha. Kuyeza pa nthawi imeneyo n'chimodzimodzi kuyeza chinthu chimene sichinakhazikike. Anati ndidzabwerenso pakapita miyezi ingapo mwana atasiya kuyamwa, ndidzabweretse mapepala a magalasi a zaka za m'mbuyo kuti aone ngati nambala yakhala yosasintha kwa chaka chathunthu, komanso ndidzasiye ma contact lens milungu iwiri tsiku loyeza lisanafike, chifukwa amapanikiza diso n'kusintha kaumbidwe kake. Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Panopa ndimaona kuti kubwezedwa kumeneko ndi kumene kunandichititsa kumukhulupirira dokotalayo.

Miyezi yodikirayo ndinaithera pa kuwerenga, makamaka usiku tulo tikasowa. Ndinkafuna kumvetsa chimene akachite m'diso mwanga. Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu koonekera ngati galasi, kozungulira ngati kambale kovundikira, kamene madokotala amakatchula kuti cornea. Ndikopyapyala zedi, kupitirira pang'ono theka la milimita, koma ndi kamene kamagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchito yopinda kuwala kuti chithunzi chikagwe pa retina, kakhungu kolandira kuwala kamene kali kumbuyo kwa diso. Ife osaona patali, nthawi zambiri diso lathu limakhala lalitaliko kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo, ndiye chithunzi chimakumana chisanafike pa retina. Laser sifupikitsa diso ayi. Imangopala pang'ono pakati pa cornea kuti paphwatalale, kuwala kuzikagwa pamalo pake.

Chinandilimbitsa mtima ndi kudziwa kuti njirayi sinayambe dzulo. Dokotala wina wochokera ku Spain, José Barraquer, amene ankagwira ntchito ku Bogotá m'dziko la Colombia, ankadula kachidutswa ka cornea, kukaumitsa ndi kuzizira, kukasema pa makina, n'kukabwezeretsa pa diso. Zimenezi ankachita m'zaka za m'ma 1960, laser yochitira ntchitoyi kulibe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Rangaswamy Srinivasan ndi anzake ku kampani ya IBM anapeza kuti laser ya mtundu wa excimer imatha kuchotsa mnofu pang'onopang'ono osaotcha za m'mbali mwake. Ioannis Pallikaris wa ku Greece ndi amene anaphatikiza ziwirizi cha m'ma 1990 n'kupereka dzina lakuti LASIK, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza njirayi mu 1999. Ngakhale laser inayo, ya femtosecond, imene masiku ano imadula kachivundikiro (kachidutswa kopyapyala ka pamwamba pa cornea kamene amakatukula asanapale, kenako n'kukabwezeretsa) m'malo mwa mpeni, inachokera pa kafukufuku wa Donna Strickland ndi Gérard Mourou amene anawapatsitsa mphoto ya Nobel mu 2018. Mayina amenewa ndinawaloweza ngati a abale anga. Ndinkati ndikachita mantha, ndinkadzikumbutsa kuti anthu anathera moyo wawo wonse pa kakhungu kamodzi aka.

Tsiku loyeza ndinapita ndi mng'ono wanga. Iyenso amavala magalasi, ndipo tinagwirizana kuti tikayezetse limodzi, tikachitidwe opaleshoni mwezi umodzi, tizidonthezerana mankhwala. Iye ndiye anali wosangalala kuposa ine.

Kuyezako kunatenga maola oposa awiri. Ankatikhazika pa makina awa, kenako awo, chibwano pa chotsamira, chipumi chitagunda kachitsulo. Makina ena amajambula mapu a cornea, okhala ndi mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, yosonyeza pamene pali potukuka ndi pamene pali popyapyala. Anandiika kapepala kakang'ono m'chikope cham'munsi kwa mphindi zisanu kuti aone kuchuluka kwa misozi. Anayeza kukula kwa mwana wa diso mumdima. Pomaliza anatidontheza mankhwala otanula mwana wa diso kuti aone mpaka kumbuyo, ndipo titatuluka panja dzuwa linkatithobwa kwambiri.

Dokotala anatenga cholembera n'kundiwerengera masamu papepala ndikuona. Muyezo wake ndi micron, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Cornea yanga inali ma micron 548. Kachivundikiro katenga pafupifupi 110. Kuti nambala yanga ithe, laser ichotsa pafupifupi 75. Zotsala pansi pake ndi 363. Anati malire amene madokotala akhala akutsatira ndi 250, koma iye safuna kutsika pa 300. "Inu malo alipo okwanira," anatero. Anandiuzanso za njira zina. PRK sadula kachivundikiro, amangochotsa kakhungu kapamwamba kenikeni, kamene kamameranso pakapita masiku angapo. Imapweteka kwambiri ndipo maso amachedwa kuyera, koma imasiya mnofu wochuluka, n'chifukwa chake amaikonda kwa anthu a cornea yopyapyala kapena amene amachita masewera omenyana. SMILE amasema kachidutswa mkati n'kukasolola pa kabowo kakang'ono. Kwa ine anati LASIK ndi yoyenera, ndipo ndinavomera.

Kenako anaika mapu a mng'ono wanga pa kompyuta, n'kukhala kaye chete.

Mapu anga anali obiriwira mosalala. Ake anali ndi chigamba chofiira cha m'munsi mwa pakati, makamaka ku diso lamanzere. Dokotala anamufunsa ngati nambala yake yakhala ikusintha pafupipafupi. Anati inde, pafupifupi chaka chilichonse, ndipo magalasi atsopano sankamukhutiritsa. Anamufunsanso ngati amatikita maso. Ine ndinayankha ndisanaganize n'komwe, chifukwa kuyambira ali wamng'ono maso ake amayabwa ndipo amawatikita ndi nkhonya mpaka kufiira. Dokotala anati, "Chemwali, inu sindingakuchiteni opaleshoni imeneyi, ndipo musadzalole kuti wina aliyense akuchiteni." Anati ali ndi matenda otchedwa keratoconus, amene amapangitsa cornea kufooka, kupyapyala ndi kutukuka ngati nsonga. Kupala mnofu pa cornea yotero kumaifooketsa kwambiri, ndipo munthu amatha kufika poti ngakhale magalasi samuthandizanso.

Mng'ono wanga analira mu galimoto njira yonse. Ine ndinasowa chonena, chifukwa m'chikwama mwanga munali pepala la tsiku langa la opaleshoni. Koma nditakhala pansi usiku umenewo ndinazizidwa nkhongono poganiza kuti tikanapita kwa munthu wothamangira kuchita ntchito, woyeza mwachidule, zikanatha bwanji. Mpaka lero munthu akandifunsa za opaleshoniyi, ndimayamba ndi nkhani ya mng'ono wangayo ndisananene yanga.

Fomu yosainira ndinaiwerenga kawiri. Inanena mosabisa: maso kuuma, kuona mikombero ya kuwala usiku, nambala kutsalako pang'ono kapena kupitirira, ndipo mwa apo ndi apo matenda olowa pa bala kapena kuona kuchepa mwa njira imene magalasi sangakonze. Ndinasaina dzanja likunjenjemera.

Tsikulo anandiuza kuti ndisadzole chilichonse kumaso, ngakhale perefyumu. Anandiveka kachipewa kobisa tsitsi, n'kundidontheza mankhwala ochititsa dzanzi. Jakisoni panalibe, kugonekedwa tulo panalibe. Namwino anandivula magalasi n'kuwapereka kwa amuna anga, ndipo anandigwira dzanja kundilowetsa m'chipinda chozizira chimene sindinkachiona bwino.

Ndinagona chagada. Diso limodzi analiphimba, linalo analitsegula ndi kachitsulo kogwira zikope kuti ndisaphethire. Chimenecho ndi chimene ndinkachiopa kwambiri, koma ndi dzanzi lija chilakolako chophethira chinangotha chokha. Chovuta chinali chotsatira. Amaika kamkombero koyamwa pa diso kuti lisasunthe, ndipo umamva kupanikizika ngati wina wakusindikiza ndi chala chachikulu. Kenako kuwala kunayamba kuzilala mpaka kunada bii. Dokotala anali atandichenjeza kale kuti zidzatero, komabe mtima unagunda mwamphamvu. Ndinamva mawu ake pafupi ndi khutu langa: "Mukuchita bwino mayi, musasunthe, kwatsala pang'ono." Namwino anali atandigwira dzanja, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinamufinya kwambiri. Patapita masekondi angapo kuwala kunabwerera.

Atatukula kachivundikiro kaja zonse zinaoneka ngati ndikuyang'anira pansi pa madzi. Anandiuza kuti ndiyang'anitsitse kakuwala kothwanima pamwamba panga. Makina anayamba kulira kuti tha tha tha mofulumira, ndipo ndinamva fungo ngati la tsitsi lowauka. Ululu sindinamve ngakhale pang'ono. Makinawo amatsatira diso likagwedezeka, ndipo likasuntha kwambiri amaima okha. Kudziwa zimenezo kunandithandiza kuti ndisaumitse thupi mopitirira. Namwino ankawerenga masekondi mobwerera m'mbuyo mokweza mawu. Sanafike ndi 30 omwe. Dokotala anabwezeretsa kachivundikiro, n'kukasalaza ndi kasiponji konyowa. Sasoka, kamamatirira kokha. Kenako anapita ku diso linalo, ndipo kumeneko mantha anali ochuluka kuposa poyamba, chifukwa ndinkadziwa mdima umene ukubwera.

Atandidzutsa ndinakhala tsonga pa bedi. Chipinda chinali ngati muli nkhungu, koma pakhoma lakutsogolo panali wotchi, ndipo ndinaona mivi yake. Inali 10:40. Ndinatchula nthawiyo mokweza popanda wondifunsa.

Dzanzi linatha tili m'njira yobwerera. Maola anayi otsatira anali owawa zedi. Maso ankatentha ngati mwalowa mchenga ndi utsi nthawi imodzi, misozi ikungoyenderera, zikope zikukana kutseguka. Ndinagona m'chipinda chotseka makatani, atandimata zotchingira za pulasitiki kumaso kuti ndisatikite ndili m'tulo, chifukwa masiku oyambirira kachivundikiro kaja kamatha kusuntha. Nditadzuka madzulo ululu unali utachepa. M'mawa mwake ndinatsegula maso n'kuona, kudzera m'timabowo ta zotchingira zija, kamng'alu kakang'ono pa denga la chipinda chimene ndagonamo zaka zinayi. Kuchipatala ndinawerenga mzere wa zilembo umene kale ndinkaufika ndi magalasi okha. Pa zoyera za m'maso panali timadontho tofiira ta magazi tochokera ku kamkombero kaja. Sitinkapweteka, koma mwana wanga ankatiloza n'kumati, "Amama, mwavulala?" Tinatha patapita milungu itatu.

Anthu ambiri akamasimba nkhaniyi amathera pamenepa. Yanga inapitirira.

Podula kachivundikiro amadulanso timitsempha tating'onoting'ono ta mu cornea, timene timauza thupi kuti diso lauma, litumize misozi. Timitsemphato timameranso, koma timatenga miyezi. Kwa ine kuumako kunayamba kumveka kwenikweni mlungu wachiwiri, nditabwerera kuntchito. Ntchito yanga ndi ya pa kompyuta tsiku lonse, ndipo munthu akamayang'ana pa sikirini saphethira mokwanira. Pofika masana zilembo zinkayamba kusungunuka, ndikaphethira n'kuyera, patapita kanthawi n'kusungunukanso. Ndinkadontheza misozi ya m'botolo pafupifupi ola lililonse. Timabotolo tinali paliponse: m'chikwama, mu galimoto, pa desiki, pansi pa pilo. Usiku wina ndinadzuka zikope zitamatirira ku diso, ndipo ndinachita kudontheza mankhwala pakona n'kudikira kuti zimasuke, ndikuopa kutsegula mokakamiza.

Usiku panalinso vuto lina. Nyali iliyonse ya galimoto yobwera kutsogolo inkakhala ndi mkombero waukulu wowala, ndipo zikatsatizana zingapo msewu unkasowa. Ndinasiya kuyendetsa usiku kwa miyezi iwiri.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi ndinafika potopa. Ndinaimika galimoto panja pa nyumba, osatsika, n'kuyamba kulira. Amuna anga atatuluka ndinawauza kuti ndikanadziwa sindikanachita, magalasi sankandipweteka chonchi. Sananditsutse, sanandiuzenso kuti ndilimbe mtima. Anangolowa mu galimotomo n'kukhala nane, ndipo mawa lake anaimba foni kuchipatala kuti andione msanga. Dokotala anayeza n'kunena kuti bala lapola bwino, vuto ndi kuuma basi. Anandisinthira mankhwala, kundipatsa a timabotolo togwiritsa ntchito kamodzi topanda mankhwala osungira, ndi ena okhuthala odontheza pogona. Anati ndiziika kansalu kofunda pa zikope madzulo aliwonse, ndipo pa kompyuta, mphindi 20 zilizonse ndiziyang'ana chinthu chakutali kwa masekondi 20. Ananenanso kuti zikapanda kusintha pali titsekero ting'onoting'ono timene amaika pa timabowo totulukira misozi kuti isamathe msanga. Sitinafike pamenepo.

Kusinthako sikunabwere tsiku limodzi. Ndinangozindikira mwezi wachisanu kuti ndafika madzulo osatsegula kabotolo. Panopa patha chaka ndi miyezi iwiri. Ndimadonthezabe m'mawa, komanso ndikakhala nthawi yaitali m'chipinda cha mpweya wozizira wa makina. Mikombero ya usiku inachepa kwambiri koma sinatheretu. Diso lamanzere linatsala ndi -0.50, ndipo ndimazindikira ndikatseka lamanja. Pamalo odikirira kuchipatala ndinacheza ndi bambo wina amene anali atatha zaka ziwiri akuvutikabe ndi kuuma, ndipo nkhope yake sindiiiwala. Ndikamauza anthu kuti ine ndikusangalala, ndimawauzanso za bamboyo, chifukwa naye anasaina fomu yomweyo.

Pali zinthu zina zimene dokotala anandiuza kuti ndisaziiwale, ndipo ndinazilemba m'kope. Ndikadzapitirira zaka 40 ndidzafunabe magalasi owerengera monga wina aliyense, chifukwa vuto limenelo limachokera mkati mwa diso, kumene laser sinafikeko. Ng'ala ikhoza kudzabwera pa ukalamba, ndipo ikadzabwera madokotala adzafuna kudziwa kuti cornea yanga inasemedwapo, choncho mapepala a miyezo yakale ndinawasunga pamodzi ndi ziphaso zofunika. Makina oyeza kuthamanga kwa madzi a m'diso amatha kuonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni kwa munthu amene anachitidwa LASIK, ndiye ndiyenera kumanena nthawi iliyonse ndikamayezetsa. Ndipo diso langa likadali lalitali monga kale, retina yake ikadali pa chiopsezo chimene anthu osaona patali amakhala nacho. Ndikadzaona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri todzidzimutsa, kapena mthunzi ngati katani kumbali, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mng'ono wanga anasiya kutikita maso, ngakhale kuti zinamuvuta kwambiri. Anamupatsa mankhwala oletsa kuyabwa, ndipo atamuyezanso patapita miyezi isanu ndi umodzi anapeza kuti chigamba chofiira chija chakula pang'ono ku diso lamanzere. Anamukonzera chithandizo chotchedwa cross-linking. Amadontheza riboflavin, amene ndi vitamini B2, pa cornea, kenako n'kuunikapo kuwala kwa ultraviolet kuti ilimbe. Sichichotsa magalasi, chimangoimitsa matendawo kuti asapitirire.

Mwezi watha ndi pamene anapita. Anamuuza kuti afike m'mamawa, ndiye tinanyamuka kusanache, ine ndikuyendetsa. Nyali za galimoto zobwera kutsogolo zinali ndi timikombero tating'ono, koma msewu ndinkauona bwinobwino. Iye anakhala chete njira yonse, manja ali pamiyendo. Titatsala pang'ono kufika anandifunsa kuti, "Achemwali, kachitsulo kogwira zikope kaja kamapweteka?" Ndinamuuza kuti ayi, akakudontheza mankhwala sumva kanthu, koma dzanzi likadzatha masana ano zidzawawa, ndipo kwa iwe adati zitenga masiku angapo. Anagwedeza mutu. Namwino atabwera kudzamutenga, anavula magalasi ake n'kundipatsa ine kuti ndimusungire.